Maenje Akuda a Pachiyambi ndi Belu la Gauss

M'chaka cha 1975 Bernard Carr, wophunzira wa Stephen Hawking, anafalitsa nkhani yoŵerengera maenje akuda, aja Angerezi amati black holes, amene akanatha kubadwa chilengedwe chisanathe sekondi imodzi, nyenyezi kulibe. Ganizo lake ndi ili: malo amene zinthu zinathithikana kuposa mozungulira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mphamvu yokoka inagonjetsa kufutukuka, malowo nagwera mkati. Ntchito imeneyi tiilemekeza, pakuti ambiri amangirapo. Komabe ili ndi mzati umodzi umene tifuna kuugwedeza.

Carr anatenga kuti kuthithikanako kunatsata lamulo la Gauss, limene pojambula limaoneka ngati belu: malo ochuluka ali pakatikati, opyola muyeso ndi osoŵa, monga momwe amunamuna otalika ngati mlongoti asoŵera pamudzi. Tsono dzenje lakuda silibadwira pakati pa belu ayi. Libadwira kumlomo kwenikweni, kumene mwa malo miyandamiyanda amodzi okha ndiwo afika pa muyeso. Kumeneko belu likangopindika pang'ono, chiŵerengero cha maenje chikwera kapena kutsika kambirimbiri. James Bullock ndi Joel Primack anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1997.

Ena ayankha kuti chombo cha Planck chinathetsa mlanduwu, popeza zotsatira zake za 2018 zinapereka nambala yoyezera kupatukako, yotchedwa fNL, ya -0.9, yokhoza kuphonya ndi 5.1 uku ndi uku, ndiko kunena kuti kupatuka sikunaoneke. Yankho ili silitikhutitsa. Planck inayeza madera aakulu koposa a thambo, kumene kusiyana kuli ngati gawo limodzi mwa 100,000. Maenje a pachiyambi afuna timadera tating'ono zedi, ndi kusiyana koposa pamenepo kokwana zikwi. Ndani angaweruze za madzi oŵira mumphika poona bata la panyanja? Ophunzira filosofi azindikira msanga kuti mawu otsiriza aposa umboni umene waperekedwa.

Mlanduwu si wa masamu okha. Makina a LIGO atamva m'chaka cha 2015 kugundana kwa maenje aŵiri, lililonse lolemera ngati madzuŵa pafupifupi 30, akatswiri ena analemba mu 2016 kuti mwina ndi a pachiyambi, ndiponso kuti mwina ndiwo zinthu zosaoneka zija zimene zigwirizitsa milalang'amba. Kufikira lero palibe dzenje la pachiyambi limene latsimikizidwa, ndipo malire amene olemba aika pa kuthithikana kwa pachiyambi pochokera ku kusoŵa kwake amasuntha belu likangosintha maonekedwe.