Mapa Sanena Nthawi

Anzanga, tsopano tikudziwa kuwerenga manambala. Tiyeni tiyang'ane mapa opacikidwa pa khoma la sukulu, tione ngati akutiuza zonse.

Ku Ulaya kuli mizinda iwiri, Lisboa ndi Paris. Pakati pake pali makilomita pafupifupi 1,450. Ndege imauluka mtunda umenewu pa maola awiri ndi theka. Munthu amadya kadzutsa ku Lisboa, nakadya nkhomaliro ku Paris.

Kwathu kuno, kucoka ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150. Pa mapa n'kamzere kofupika ngati cala. Koma pa maola awiri ndi theka aja, mayi wosenza dengu la nyemba amayenda makilomita 12 okha, ndipo n'kuti sanapume. Nanga pafupi ndi pati?

Mapa ali ndi ubwino wake. Amationetsa kuti msewu wa N13 umacoka ku Cuamba, kudutsa ku Mandimba ndi ku Massangulo, mpaka ku Lichinga. Amationetsanso kuti Chiponde, ku Malawi, ali kutsidya kwa malire. Izi n'zoona, ndipo tiyenera kuziphunzira.

Colakwa cake n'cakuti mapa amawerenga mtunda, sawerenga nthawi. Taonani njanji. Inafika ku Lichinga mu 1969, mzindawo ukuchedwa Vila Cabral, Cuamba akuchedwa Nova Freixo. Kutalika kwake ndi makilomita 262. Pambuyo pake inawonongeka, sitima n'kumabwera mwa apo ndi apo, kufikira pamene inakonzedwa ndi kutsegulidwanso mu 2016. Zaka zonse zimenezo mzere wa pa mapa unali womwewo, wakuda bii, wosaduka. Mlimi wa ku Mitande ankadikira ndi matumba ake a cimanga, mapa akuti njanji ilipo. Ndipo sitima ya anthu yopita ku Nampula, makilomita pafupifupi 350, imatha maola 10 kapena kuposa. Nthawi imeneyo ndege ija ikadayenda ulendo wake kanayi.

Mapa sajambulanso kanjira kocoka kumudzi kukafika pa msewu waukulu. Sajambula mtsinje wodzaza m'mwezi wa February, kapena shapa yoima padzuwa kudikira kuti idzaze. Komatu mayi woyembekezera, matenda akayamba usiku, amawerenga zimenezi. Tomato nayenso sadikira.

Aphunzitsi, musatifunse makilomita okha. Pa bolodi tijambule mapa athu a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba. Pa njira iliyonse tilembe manambala atatu: makilomita, maola a m'cilimwe, ndi maola a m'dzinja. Amene amapalasa njinga anene zawo, amene amayenda pansi anenenso zawo. Tiyambe ndi njira yocoka pa khomo la kalasi lino kukafika kucipatala.