Botolo la nkhalamba ndi galu wa woweruza

M'mafilimu atatu a Krzysztof Kieślowski otchedwa Three Colours mumaoneka nkhalamba yopindika msana ikuvutika kuponya botolo m'chimgolo cha mabotolo. Dzanja silifika pabowo. Mu Blue, Julie watsinzina, sakuiona. Mu White, Karol angoyang'ana n'kumwetulira. Mu Red ya 1994, Valentine apita n'kukankhira botolo lija mkati. Palibe wolankhula, koma amene waonera onse atatu mtima umakhala pansi.

Red ndi filimu ya ubale, ndipo Kieślowski saulalikira ubalewo. Amaupereka kwa kamera. Piotr Sobociński, amene anaijambula, amachoka pawindo la Valentine mu Geneva n'kutsetserekera kumsewu kumene Auguste, mnyamata wophunzira zamalamulo, akudutsa. Awiriwa amapambana tsiku ndi tsiku osadziwana. Odziwa ndife oonera, ndipo zimatipweteka.

Chimene chimamufikitsa Valentine kwa woweruza wopuma pantchito ndi galu, Rita, amene wamugunda ndi galimoto. Mkuluyu, yemwe mbali yake inaseweredwa ndi Jean-Louis Trintignant, amakhala yekha n'kumamvetsera mobisa mafoni a anansi ake. Mtsikanayo anyansidwa, koma abweranso. Pano ndi pomwe ndimaikondera filimuyi. Irène Jacob, amene ali Valentine m'filimuyi, sasewera ngati mngelo wodzapulumutsa munthu. Nkhope yake imaonetsa mkwiyo ndi chisoni limodzi. Kucheza kwawo n'kwapang'onopang'ono, dzuwa likusuntha m'chipinda, babu ikupsa mkuluyo n'kuisintha. Kenaka tizindikira kuti zimene zinamuswa mtima woweruzayo ali mnyamata ndi zomwe zikumuchitikira Auguste lero, mpaka buku logwa pansi n'kutsekuka patsamba la funso la mayeso.

Mathero ake amandivuta. Sitima yapamadzi yopita ku England imira, n'kupulumuka anthu 7 okha, ndipo 6 mwa iwo ndi aja tawatsata m'mafilimu atatuwa. Nanga ena onse omira aja, analibe abale? Apa dzanja la wopanga filimu laonekera kwambiri.

Chimene sindiiwala chimabwera ngoziyo itatsala pang'ono kuchitika. Akutsanzikana panja pa holo, woweruza ali kale m'galimoto, aika chikhatho pagalasi. Valentine aika chake kunja kwake, galimoto n'kunyamuka.