Puleni Yaitali ndi Mbali ya Thabwa

Pamwamba pa tebulo lodyerapo pamakhala matabwa atatu kapena anayi olumikizidwa m'mbali, ndipo luso la kalipentala limaonekera pomwe matabwawo akumana. Yendetsani chala pa tebulo la mlombwa lopangidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito yake: chalacho sichimva pomwe thabwa lina lathera ndi pomwe linzake layambira. Ndi maso okha omwe amazindikira, poona kuti mizere ya mtengo yasintha njira. Guluu sabisa kanthu. Ngati mbali za matabwawo sizinawongoke, kampata kamatsala, ndipo chinyezi cha dzinja chikadutsa, kutentha kwa Okutobala n'kubwera, kampatako kamayasama.

Ntchito yowongola mbali ndi ya puleni yaitali. Mapuleni achitsulo omwe akalipentala ambiri amagwiritsa ntchito amatsata kapangidwe ka Leonard Bailey, yemwe luso lake linagulidwa ndi kampani ya Stanley ya ku New Britain, ku Connecticut, mu 1869. Manambala ake ndi omwe tikuwadziwa mpaka lero, ndipo kampani ya Record ya ku Sheffield inatsata omwewo. Nambala 4 ndi yaifupi, pafupifupi mainchesi 9, yosalazira. Nambala 5 ndi ya mainchesi 14, yochotsera zokhakhala za sowo. Nambala 7 imafika mainchesi 22, nambala 8 mainchesi 24. Mpeni wa nambala 7 umaposa wa nambala 4 pang'ono chabe m'lifupi. Chomwe munthu amagula pa puleni imeneyi ndi kutalika.

Puleni yaifupi ili ngati njinga pamsewu wafumbi, imatsika m'chigwa chilichonse n'kukwera kachitunda kalikonse, choncho thabwa limasalala koma limakhalabe lokhota. Yaitali imakhala pamwamba pa zitunda ziwiri nthawi imodzi, mpeni osafika m'chigwa. Imadya pokwera pokha mpaka pokwerapo patatsika kufanana ndi potsika.

Ndimakonda kuonerera mmisiri akugwira ntchito imeneyi, chifukwa amaigwira ndi makutu omwe. Poyamba puleni imalira modukizadukiza, ikangokhudza apa n'kudumpha apo, ndipo zopalidwa zimatuluka zazifupizifupi. Akabwereza kangapo, kulirako kumatalika. Kenako pamafika ulendo womwe puleni imalira kamodzi kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, chopalidwa n'kutuluka chimodzi chosaduka, chopiringizika, chachitali ngati thabwa lomwelo. Apo amaima. Manja akenso amasinthana ntchito m'njira: poyamba amatsindika kutsogolo kwa puleni, pomaliza amatsindika kumbuyo, kuti nsonga za thabwa zisadyeke kuposa pakati.

Amisiri ena amapana matabwa awiri pamodzi n'kupala mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Nzeru yake ndi yokongola. Ngati dzanja lapendekeka pang'ono, kupendekeka kwa thabwa lina kumathetsedwa ndi kwa linzake akawatambasula n'kuwalumikiza. Akatha, amasanjika thabwa lina pa mbali ya linzake n'kusuzumira kuwala. Amakankhanso nsonga ya lapamwambalo ndi chala. Likazungulira mosavuta, ndiye kuti pakati pali linunda, ntchito ikadalipo. Likakana, likugwira kunsonga zonse ziwiri, ali pafupi. Odziwa kwambiri amasiya dala kampata kochepetsetsa pakati, komwe zopanira zimatseka mosavuta, chifukwa thabwa limauma msanga kunsonga, ndipo n'komwe malumikizidwe amayambira kutseguka.

Makina amagetsi otchedwa jointer amagwira ntchito yomweyi, kungoti ndi puleni yoyang'ana kumwamba ndipo thabwa ndi lomwe limayenda. Ali ndi matebulo awiri achitsulo, pakati pake pali mipeni yozungulira. Tebulo lolandira thabwa lopalidwa limayenera kulingana ndendende ndi nsonga ya mipeni ikafika pamwamba penipeni. Tebulo loyambira limatsitsidwa pang'ono, mwina milimita imodzi, ndipo kutsikako ndi komwe mipeni imadya. Tebulo lolandira likatsika ngakhale pang'ono, makina amajiya kumapeto kwa thabwa lililonse.

Makinawa amatchulidwa ndi m'lifupi mwa mipeni yake: a mainchesi 6, a 8, a 12. Apa ndi pomwe ogula ambiri amasokera, poti nambala yolembedwa pa bokosi imanena za m'lifupi, chonsecho chowongola ndi kutalika kwa matebulo, monga zilili ndi puleni ya pamanja. Amisiri amawerengera kuti makina amawongola bwino thabwa lotalika kuwirikiza kawiri matebulo ake onse pamodzi. Timakina ting'onoting'ono toika pa benchi tili ndi matebulo aafupi, tokwanira timabokosi, mafelemu a zithunzi ndi miyendo ya mipando. Wopanga zitseko ndi mabedi atitaye, agule a matebulo aatali oima pansi, ngakhale akhale a mainchesi 6.

M'lifupi muli ndi ntchito yake pamene mukufuna kuwongola nkhope ya thabwa lopindika kapena lopotoka. Thabwa la mainchesi 8 silikwana pa makina a mainchesi 6. Muyenera kulicheka pakati, kuwongola zidutswazo, n'kuzimatanso, zomwe ndi zomvetsa chisoni pa thabwa la mbawa lokongola. Makina a mainchesi 8 amathetsa vutoli ndipo nthawi zambiri amakhalanso aatali, koma ndi olemera mofuna anthu angapo ponyamula, odula, ndiponso amadya malo. M'kagalaja ka pakhomo muyenera kuwerengeranso danga loti thabwa lilowere ndi kutulukira mbali zonse ziwiri.

Ine ndinganene kuti munthu asanayang'ane mitengo ya makina, apite pomwe amagula matabwa ali ndi tepi m'manja. Ngati ambiri ndi a paini wa ku Chikangawa osapitirira mainchesi 6, makina a mainchesi 6 a matebulo aatali amukwanira, ndipo thabwa lalikulu lobwera mwa apo ndi apo lizipalidwa ndi nambala 7, yomwe imagwirabe ntchito magetsi akazima. Mbawa, yomwe mizere yake imapingasana, kawirikawiri imang'ambika pa makina, pamene puleni yakuthwa bwino yodya pang'onopang'ono imaisiya yoyera.

Palinso chomwe amisiri okhwima amachita chomwe chimachepetsa kufunika kwa makina aakulu. Sawongola thabwa lonse lalitali monga labwerera. Amayamba aliduladula molingana ndi zomwe akupanga, n'kusiyako pang'ono kunsonga. Thabwa lokhota ngati uta mukalidula pakati, kukhota kwa chidutswa chilichonse kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kotero mipeni imadya zochepa ndipo thabwa silipyapyala. Koma kadutswa kosakwana mainchesi 12 sikayenera kudutsa pa makina, chifukwa kamatha kugwera m'mipeni zala zili pomwepo. Kotereko mmisiri amakapana pa benchi n'kutenga puleni.