Mizere ya Elizabeth Sanderson

Kumapiri a kumpoto kwa England, ku Allendale ndi Allenheads m'chigawo cha Northumberland, kunali anthu amene ankadyera kujambula pansalu za eni. Mayi akamaliza kulumikiza zigamba za chofunda chake, ankachipinda n'kuchitumiza pa positi, ndipo chinkabwerako chili ndi mizere ya pensulo yabuluu yosonyeza modutsa singano. Wotchuka kwambiri pa ntchitoyi anali Elizabeth Sanderson, wobadwa mu 1861, amene anamwalira mu 1934. Lusoli analitengera kwa George Gardiner, mwini sitolo wa m'dera lomwelo, ndipo iyenso anadzaphunzitsa atsikana ena.

Ndalama ya mayi uja sinkapita pachabe. Chofunda chotere chimakhala ndi zigamba pamwamba, thonje pakati, nsalu yathunthu pansi. Msoko womanga zitatuzi uyenera kufika paliponse, apo ayi thonje limaunjikana mbali imodzi pochapa. Ndiye poti msokowo suthawika, nkhani imatsala pa mayendedwe ake, ndipo apa ndi pamene chofunda chabwinobwino chimakongolera kapena kuonongekera.

Taonani chofunda chodziwika ndi dzina lake, Sanderson Star. Pakati pali nyenyezi ya nsonga 8, yozunguliridwa ndi mizere ikuluikulu ya nsalu, mitundu iwiri yokha, yopanda maluwa. Kusakhala ndi maluwako n'kwadala. Chimene diso limaona si ulusi ayi, koma mthunzi wa pamene singano yakokera nsalu pansi. Pansalu ya maluwa ambiri mthunziwo umasokonekera, ndipo ntchito ya miyezi imangomira. Pamenepo wanzeru amangosoka mizere yopingasa n'kupitirira. Koma pansalu yosalala mpamene amaika mtima wake wonse: duwa, chingwe chopota, nthenga.

Nthengayo ndiyo imandigwira mtima. Ili ndi msana umodzi wokhotakhota, ndipo uku ndi uku kumatuluka timasamba tozungulira kunsonga, kalikonse kotsamira pa kanzake. Osoka ambiri ankazunguliza pensulo m'mphepete mwa kobidi kuti timasambato tifanane. Poyenda molunjika palibe vuto. Mayeso ali pangodya. Kunja kwa ngodya timasamba timafunika kutambasuka, mkati timafunika kupanikizana, koma woona asazindikire kuti pasintha kanthu. Wosazolowera amadula nthenga isanafike, n'kuikapo kaduwa kobisira. Dzanja la ku Allendale limaikhotetsa ngati madzi a mumtsinje, n'kukaikumaniza ndi inzake pakati penipeni pa mbali inayo. Kenaka kuseri kwake amadzazako timizere topingasa tothinana, tomwe timapsinja thonje kuti nthenga yokhayo itukumuke. Timizere timeneto palibe amatiyamikira, komabe popanda ito nthengayo ikanangogona.

Sikuti njira ndi yokhayi. Pa zofunda zosokedwa ndi nsalu zazitali zoyalidwa motsatizana, a kumpoto kwa England kawirikawiri ankalemekeza msoko wa zigamba: chingwe chopota m'mzere wake, nthenga m'mzere wake. A ku Wales ankachita zina. Ankajambula chozungulira chachikulu pakati, n'kuchizinga ndi masamba, mitima ndi tinkhono tozungulirazungulira, zonse zikudutsa pamwamba pa misoko ngati kuti kulibe. Ambiri ankalemba ndi choko nsalu ili kale pamatabwa osokerapo, mbale ndi kapu za m'nyumba zikuwathandiza kuzunguliza. Ine mtima wanga umapendekera kwa Sanderson, chifukwa iye ankayamba wamvera zigamba asanalembe kanthu. Komabe chofunda cha ku Wales chili ndi chake chimene thonje silingapereke: mkati ankakonda kuikamo ubweya wa nkhosa, umene umakankha nsalu mwamphamvu, moti kankhono kalikonse kamatuluka ngati kosemedwa, ndipo ukachitembenuza, kunsi kumaonetsa chithunzi chonse popanda chigamba chochisokoneza.