Ngozi Family ndi Nyimbo Imene Idasenza Dzina Lao

Pa chikhalidwe chathu munthu sakhala ndi dzina limodzi. Loyamba amalandira potuluka m'chikuta, asanachite kanthu kalikonse pansi pano. Lina amapatsidwa ku chinamwali. Koma pali linanso limene anthu amampatsa ataona mayendedwe ake, ndipo kawirikawiri limeneli ndilo limamkakamira mpaka kumanda. Magulu oimba nawonso ali chimodzimodzi. Gulu lingathe kudzitcha dzina lililonse tsiku loyamba, koma anthu amalivomereza pokhapokha patatuluka nyimbo yochitira umboni dzinalo. Mwezi uno, owerenga athu, tifuna kulingalira za nyimbo yotere, imene idaimbidwa m'chilankhulo chathu chomwechi ndi anyamata a ku Lusaka, m'dziko la Zambia. Gulu lao linkatchedwa Ngozi Family, ndipo nyimboyo ndi “Nizakupanga Ngozi”, ya m'chaka cha 1977.

Mtsogoleri wa gululi adali Paul Dobson Nyirongo, ndipo mfunda umenewu si wachilendo m'makutu mwathu kuno ku Malawi. Iye adabadwa m'chaka cha 1949, nakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mu mzinda wa Lusaka. Dzina lakuti Ngozi adalitola pa nsanja yoimbira, chifukwa cha ukali umene ankaonetsa akagwira gitala, mpaka kuiliza ndi mano monga ankachitira Jimi Hendrix wa ku America. Adaimbako ndi gulu la Musi-O-Tunya ku Nairobi, ndipo atabwerera kwao adayambitsa gulu lakelake, m'mene Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Motero dzina lidatsogola, nyimbo ikudza pambuyo.

Kuti timvetse bwino za anyamatawa, tiyenera kukumbukira nyengo imene ankakhalamo. Zambia idalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, monga ifenso, koma iyo idali ndi migodi ya mkuwa, ndipo ndalama za mkuwa zidadzaza matauni ndi anthu apantchito ofuna zosangalatsa. Zimbale za Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple ndi James Brown zinkafika m'masitolo, achinyamata namaphunzira kuimba motsanzira. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za eni dziko. Lamuloli lidatsekula khomo kwa magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ndipo maimbidwe ao adadziwika ndi dzina lakuti Zamrock. Ambiri mwa iwo ankaimba m'Chingelezi, pakuti ndimo m'mene adaphunziriramo luso lao.

Chimbale choyamba cha Ngozi Family, Day of Judgement, ndiye kuti Tsiku la Chiweruzo, chidatuluka m'chaka cha 1976. Mudali kale nyimbo za m'Chinyanja monga “Tikondane” ndi “Kumanda kwa Bambo Wanga”, zosonyeza kuti mtima wa mtsogoleriyo udali pa nkhani za pamudzi. Chaka chotsatira gululi lidapita ku Nairobi kukajambula chimbale cha 45,000 Volts. Dzina lachimbalelo nalonso ndi chenjezo: mawaya a magetsi a m'nyumba zathu sanyamula mphamvu yoposa mavolti 240, ndipo timawaopa, nanga 45,000? M'chimbale chimenechi ndimo muli nyimbo tikukambayi.

Tiyambe ndi zimene khutu limamva lisanazindikire mau. Gululi lidali la zida zitatu zokha: gitala yotsogolera, gitala ya besi ndi ng'oma. Palibe malipenga, palibe limba lodzaza mipata. Gitala ya Paul Ngozi siilira mosalala ngati ya nyimbo za rumba zimene tidazolowera. Liwu lake ndi losasa, lokandakanda, ngati lata likung'ambika ndi mphepo, ndipo kusasako n'kwadala, kopangidwa ndi kachipangizo kamene oimba amakatcha fuzz. Kachigawo kafupi ka nyimbo kamabwerezedwa mobwerezabwereza, kolemera ngati musi ukugwera mu mtondo. Munthu wozolowera nyimbo za Black Sabbath atamva zimenezi angayembekeze kuti woimba ayamba kunena za nkhondo, za mizimu yoipa kapena za kutha kwa dziko.

Koma woimba akatsekula pakamwa, timapezeka kuti tili pakhomo pa munthu wamba. Akulankhula ndi mwininyumba, ndipo akulankhula kwa mnzake wozolowera kufika pakhomopo. Akumuuza kuti pobwera azidzisunga mwaulemu, popeza iye sakonda kulongolola, ndipo kulongolola ndiko kumabala miseche. Mutu wa nyimboyo ndi chiopsezo kwa munthu wosamva malangizowo. Chilankhulo chake ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene chimati “ni” pamene ife timati “ndi”, ndiponso “za” pamene ife timati “dza”, koma mwana wa ku Zomba sasowa womasulira kuti amve.

Apa ndipo pagona mphamvu ya nyimboyi. Kwa oimba ambiri a ku Ulaya ndi ku America, phokoso la gitala lidali liwu la mwana wogalukira makolo, wofuna kuthawa pakhomo. Paul Ngozi adatenga phokoso lomwelo nalipereka kwa mwini khomo, woteteza mtendere wa banja lake. Amene adakhalako m'komboni akudziwa kuti nkhani imeneyi si yaing'ono. Kumene nyumba zili zothithikana, mpope uli umodzi, ndipo chokambidwa m'chipinda chimamveka kwa oyandikana nawo, lilime la munthu mmodzi lingathe kupasula ukwati, kuchotsetsa mnzake ntchito, ngakhale kumuitanira apolisi. Anthu a ku Chibolya ndi ku Matero sankasowa kuuzidwa za zilombo za m'nthano. Ngozi yao idali miseche, ndipo nyimboyi idaitchula ndi mkwiyo wolingana ndi ululu wake.

Makolo athu adati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Gitala yamagetsi idali nkhwangwa yobwereka ndithu, ndipo magulu ambiri amene adangotsanzira azungu adaiwalika msanga. M'nyimbo iyi nkhwangwayo idapeza mpini wa kumudzi. Kuyambira pamenepo dzina lakuti Ngozi lidaleka kungotanthauza mnyamata wochita zodabwitsa pa nsanja. Lidayamba kutanthauza munthu wa m'komboni wolankhula mosapsatira za zimene anzake amangong'ung'udza. Liwu lachiwiri la dzina la gululo, Family, ndiye kuti banja, lidapezanso malo ake, pakuti nkhani zimene gululi linkaimba zidali za atate, za manda a makolo, za chikondi ndi za kukhala bwino ndi anansi. Paul Ngozi amakumbukika ku Zambia mpaka lero monga wothirira ndemanga wakuthwa pa moyo wa anthu wamba, ndipo ife tikuona kuti chithunzi chimenechi chidajambulidwa mokwanira koposa m'nyimbo imodzi yomweyi.

Komabe sitingakhale oona mtima tikangoyamikira. Mutu wa nyimboyi ukulonjeza kuchita choipa kwa munthu, ndipo funso liyenera kufunsidwa: kodi chiopsezo ndiwo mankhwala a miseche? Mwambo wathu udakonza njira zina. Nkhani ikavuta pakati pa anansi pamaitanidwa ankhoswe, akulu a mpingo kapena a mfumu, kuti mau athetse zimene mau adayambitsa. Ndiponso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho ngakhale wolongolola amapiriridwa. Mwininyumba wa m'nyimboyi alibe woitana. Waima yekha pakhomo pake, chida chake ndi ukali. Ena anganene kuti nyimbo yotere imaphunzitsa achinyamata kudzibwezera okha, ndipo dandaulo limeneli sitingalitaye kutali.

Ife tikuganiza kuti kusowa kwa ankhoswe m'nyimboyi ndiko kukuipatsa choonadi chake. Munthu wa m'tauni adasiya kumudzi bwalo lonse limene likadamuweruzira mlandu. Oyandikana nawo ndi a mitundu ina, malume ake ali kutali, ndipo amene amadziwa mbiri ya banja lake palibe. Chomwe wasunga kuchokera kumudzi ndi liwu limodzi, ulemu, ndipo akuliteteza ndi mphamvu zimene watsala nazo. Tionenso kuti iye sakuyamba ndi nkhonya. Akuyamba ndi malangizo, nanena chifukwa chake, kenaka nkuchenjeza. Munthu wofunadi kupweteka mnzake sayamba wamuuza. Chenjezo lofuula ndi mpata wopatsidwa kwa wolakwa kuti abwerere. Komabe tivomere kuti si womvera aliyense amasiyanitsa chenjezo ndi chilolezo, makamaka m'nyumba ya mowa usiku utapita. Woimba wosenza dzina lakuti Ngozi amasenza pamodzi ndi katundu ameneyu.

Nanga kuno kwathu zidali bwanji pa zaka zomwezo? Mnyamata wokulira m'chigwa cha Domasi, m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, sakadatha kuyenda njira ya Paul Ngozi mosavuta. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo anthu asanazione kapena kuzimva. M'chaka cha 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe, ndipo m'nyengo yomweyo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamizidwa. Wailesi idali imodzi, ya MBC. Magetsi kumidzi kudalibe, choncho anyamata ankapanga mabanjo ndi zigubu za mafuta, naimba za m'mudzi mwao pa zida zosafuna waya wa magetsi. Mau adali nawo, ndipo nthawi zambiri adali anzeru, obisa tanthauzo m'miyambi monga nyengoyo inkafunira. Chimene sadaloledwe ndi kufuula. N'chifukwa chake nyimbo ya ku Lusakayi ili ndi phindu lapadera kwa ife: imationetsa m'mene chilankhulo chathu chimamvekera chikakwezedwa mpaka pamapeto.

Ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika. Mtengo wa mkuwa udagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndalama zogulira zimbale zidayamba kusowa. Ndege za nkhondo za ku Rhodesia zitayamba kuponya mabomba m'Zambia mu 1978, boma lidaletsa kuyenda usiku, malo ovinira nazirala. Pofika zaka za m'ma 1980 anthu adatembenukira ku disco ndi kalindula, ndipo matenda a Edzi adatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40. Kwa zaka zambiri zimbale zake zidangokhala m'manja mwa anthu owerengeka, kufikira makampani akunja, monga Now-Again ya ku America, atayamba kuzisindikizanso.

Tsono m'mwezi wa Okutobala 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa “Noid” pa chimbale chake cha Chromakopia, chimene chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard. M'kati mwa nyimboyo adaikamo chigawo cha “Nizakupanga Ngozi”, liwu la Paul Ngozi likumveka m'Chinyanja monga lidajambulidwira zaka 47 m'mbuyomo. Tyler akudandaula za mantha a munthu wotchuka, wolondoledwa ndi makamera ndi anthu ofuna kudziwa kumene amagona. Iye adali ndi nyimbo zosawerengeka zoti asankhepo, koma adasankha ya mwininyumba wa ku Lusaka wopempha ulemu pakhomo pake. Umenewu ndi umboni wakuti nyimboyo idagwira chinthu chenicheni cha moyo wa munthu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini wake sadaone tsikulo, ndiponso kuti unyinji wa omvera atsopanowo umangomva kukoma kwa liwu, osadziwa chimene likunena. Ife timadziwa. Mtsikana wa pa Songani womvera nyimboyo pa foni yake amamva zimene mnzake wa ku New York ayenera kuzifufuza pa intaneti.

Masiku ano kujambula nyimbo sikufunanso ulendo wa ku Nairobi. Kompyuta imodzi m'kachipinda ka pa msika imakwanira, ndipo ana athu a ku Domasi, ku Malosa ndi kwina konse akutulutsa nyimbo tsiku ndi tsiku. Malamulo aja a tsitsi ndi kavalidwe adatha, ndipo mawailesi achuluka. Ambiri mwa anawa amadzipatsa maina oopsa asanaimbe kanthu, namatsanzira mayendedwe ndi matchulidwe a oimba akunja. Sitikuwadzudzula chifukwa chobwereka, pakuti Paul Ngozi nayenso adabwereka, ndipo adabwereka zambiri. Tikungowafunsa chimene achite nacho chobwerekacho. Nkhani zoti aimbe zili pafupi: alimi a mpunga olimbirana madzi kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, asodzi a pa nyanja ya Chilwa imene imaphwa nthawi zina, mabanja opasuka chifukwa cha uthenga wabodza wotumizidwa pa foni. Miseche imene idakwiyitsa mwininyumba wa 1977 sikusowanso kufika pakhomo, chifukwa imalowa m'nyumba kudzera m'thumba la malaya.

Tikupempha makolo ndi aphunzitsi kuti mwana akakweza nyimbo yaphokoso, asathamangire kuitseka asanamve mau ake. Mwina ndi zopanda pake, ndipo ngati zili choncho amuuze chifukwa chake. Koma mwina m'kati mwa phokosolo muli munthu wopempha ulemu. Ndipo kwa anyamata ndi atsikana ofuna kuimba tikuti: dzina mungasankhe lero lomwe, koma anthu adzadikira kumva nyimbo imene idzawauze ngati dzinalo n'lanu.