Ng'oma ya Che Katumbu, mwana wa kwa Katuli

Mbi! Mbi! Mbi-ndi-mbi! Iwambeni pamoto ng'omayo ilire bwino, lero tikutamanda munthu wobira.

Ndinu Che Katumbu, mwana wa kumtunda kwa Katuli, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene mwana akasuzumira m'chitsime amakalipiridwa. Ndinu Mtsikaphiri, munadzera ku Namwera, kutsetsereka Chowe, kuwoloka Shire pa mlatho wa Mangochi, osaima mpaka mchenga wa Chembe.

Ndinu Msenzampweya, botolo lachitsulo mwabereka kumsana ngati khanda, zipsepse kumapazi, galasi kumaso. Apagombe amati mwasenza okosijeni. Ayi ndithu, ndi mpweya womwe tikupumawu, angoupanikiza m'botolo.

Mbi-ndi-mbi!

Ndinu Sakangana-ndi-madzi. Pa mpata wa Ilala, pakati pa Domwe ndi mtunda, madzi akayamba kukoka, mlendo amapalasa mwabefu mpaka mpweya kumuthera. Inu phee, manja mwapinda pachifuwa, madzi akunyamulani okha, matanthwe akudutsa ngati mitengo pa windo la basi, wabwato pamwamba akulondola thovu lanu. Munaphunzira kuti zimenezi, inu wakumapiri? Ife obadwira panyanja tikadali kulimbana nawo!

Alendo ena amafika atabira kale ku Pemba, kunyanja yamchere, nafunsa za makorali. Kuno kulibe. Mumawatengera ku Thumbi, ku Mumbo, ku thanthwe la Zimbawe, kumene mbuna zikukukuta ndere pamiyala: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, iliyonse ikulondera pakhomo pake. Ndinu Mboni-ya-anakubala, munaona mbuna yaikazi ikulavula ana ake kuti adye, mthunzi wanu utangofika n'kuwabwezanso onse m'kamwa. Ndinu Mlonjera-kampango, mumamupeza kuphanga kwake, moni, n'kumusiya. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinabweretsa paki yoziteteza kuno mu 1980, a UNESCO n'kuilemba m'kaundula wawo mu 1984, ndipo inu simunatolepo ngakhale chigoba cha nkhono.

Mbi! Mbi!

Ndinu Safulumira-kuvuuka. Potsika mumatsina mphuno makutu atseguke. Wophunzira wanu sapitirira mamita 18, ndipo sagwira mpweya m'chifuwa. Pobwerera mumamuimitsa pa mamita 5, mphindi 3 zathunthu, ngakhale atanjenjemera. Chala chachikulu chikaloza kumwamba, ulendo watha, palibe kunyengerera.

Ndinu Mkana-ndalama-ya-mwera. Juni ndi Julayi nyanja ikalusa, mlendo atulutse madola, inu bwato lili pamchenga.

Mbi-ndi-mbi! Ng'oma itsike pang'ono, pali mlandu.

Mayi anu kwa Katuli akufunsabe: mwanayu amaswera m'madzi pakati pa nsomba, nanga ndiwo zake zili kuti? Che Katumbu, mwera ukaleka kawatengeni. Muwaveke galasilo pamadzi olekeza m'chiuno, muwagwire dzanja, aweramire pansi aone okha.