Kupanga magemu ndi kompyuta yotsika mtengo: ndemanga ya buku la Chris Bradfield

Achinyamata a m'midzi yozungulira nkhalango ya Kuti ku Salima akamva za kupanga magemu, ambiri amataya mtima asanayambe n'komwe. Amaganiza kuti pamafunika kompyuta ya ndalama zankhaninkhani, ndipo chichepereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagulika. Buku la Chris Bradfield lotchedwa Godot 4 Game Development Projects, lomwe kampani ya Packt inasindikiza mu 2023, likuchotsa mantha amenewa.

Bukuli likuphunzitsa Godot, pulogalamu yopangira magemu imene Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina anaiyambitsa, n'kuitulutsa kwaulere mu 2014. Mlembi sataya nthawi ndi maphunziro ouma. Amamugwira dzanja wowerenga mpaka atapanga magemu asanu, kuyambira Coin Dash, kamasewero kotolera ndalama zachitsulo, kudutsa Space Rocks ndi Jungle Jump, mpaka awiri a 3D. Mutu uliwonse ukumanga pa unzake, ndipo chilankhulo cha GDScript cholembera malangizo a gemu mu Godot chimalowa m'mutu munthu akugwira ntchito. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kwa ife kuno, phindu lalikulu n'lakuti Godot ndi yopepuka. Kuitsitsa sikumaliza bandulo ya intaneti ngati mmene zimachitira pulogalamu zikuluzikulu monga Unreal, ndipo magemu atatu oyambawo amatheka bwinobwino pa laputopu wamba yopanda graphics card yapadera. Kompyuta ikakhala yakalekale, mumasankha njira ya Compatibility, ntchito n'kumayenda.

Chofooka chake chilipo. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi, ndiponso poganizira munthu amene ali kale ndi kompyuta, magetsi odalirika ndi intaneti. Funso loti ndigule makina otani ndi ndalama zanga zochepazi si nkhani yake. Apa wowerenga wa ku Salima adziyankhe yekha, ndipo malangizo anga ndi awa. Gulani laputopu m'malo mwa kompyuta ya patebulo, chifukwa magetsi akazima batire imapulumutsa ntchito yanu. Yogwirapo kale ntchito ndi yabwino, bola ikhale ndi RAM ya 8 GB ndi SSD, popeza ziwirizi n'zimene zimafulumizitsa makina. Musanalipire, yesani batire, kiyibodi ndi fani. Kutentha kwa kunyanja mu Okutobala pamodzi ndi fumbi zimafoola makina msanga, choncho fani yoyenda bwino ndi yofunika kuposa maonekedwe.

Chinanso, zitsanzo za m'bukuli ndi za kwina: miyala ya mumlengalenga, gofu, ndege. Koma luso lake limasamuka. Amene wamaliza Jungle Jump angathe kupanga gemu ya mbidzi ya ku Kuti yozemba misampha ya opha nyama mozembera, kapena bawo ya pafoni. Magemu otere ndi amene akusowa, ndipo palibe wa kunja adzatipangire.

Ndikulivomereza bukuli kwa aphunzitsi a makompyuta m'sukulu za sekondale ndi kwa aliyense wodziwa Chingerezi pang'ono amene ali ndi khama. Makolo ndi magulu othandiza achinyamata ku Salima, buku limodzi ndi laputopu imodzi yobwerekana n'zokwanira kuti ana athu ayambe.